Ndinagula mfuti pa mtengo wa njinga

Abale anzanga a pamsika, nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba zaka zambiri. Amaidziwa ndi mayi a kunyumba kwanga okha, winayo amene ankaidziwa anagona kale kumanda. Chandiyankhulitsa lero ndi mnyamata wina wa kabenchi kotumizira ndalama pafoni pano pa Santhe. Sabata yatha anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akufunafuna "kachitsulo" kodzitetezera, ati mnzake anamuchita chiwembu madzulo akuweruka. Nditamuyang'ana ndinadziona ndekha mmene ndinalili mu 1996.

Amene munalipo mukukumbukira. Pa 14 June 1993 tinavotera matipate, pa 17 May 1994 tinasintha boma, pakamwa panatseguka, bizinesi nazo zinatseguka. Fodya wa bale, amene kale anali wa eni maesiteti, tsopano ngakhale mlimi wa kumudzi ankaloledwa kulima, ndipo ife a timaokala tinalowa m'midzi ndi masikelo kukagula kwa alimi n'kukagulitsa ku okushoni ku Kanengo. Ndalama inayenda pa Santhe, osati masewera. Koma zaka zomwezo kunabweranso china. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha mu October 1992, si mfuti zonse zinabwezedwa. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina zinawoloka malire. Ndiye mu December 1993, asilikali atayamba kulanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, ena mwa iwo anathawira ku Mozambique komweko ndi mfuti zawo. AK 47 imene tinkangoiona pa mbendera ya anzathuwo tinayamba kuimva ikulira usiku.

Kwanga anafika m'nyengo ya fodya, usiku wozizira. Anali atatu, mmodzi ali ndi AK. Anandigoneka chafufumimba pakhomo, phazi lili pakhosi, mayi a kunyumba n'kuwauza kuti agwire nyali kuti iwo awerenge bwino ndalama zanga. Theka la ndalamazo linali la katapila. Foni kunalibe masiku amenewo, thandizo linali kutali. Koma chimene chinandipweteka koposa si ndalama ayi. Mwana wanga woyamba, wa zaka 6, anaima pakhomo la kuchipinda akuona bambo ake akudya fumbi ngati nkhuku. M'mawa mwake sindinathe kumuyang'ana m'maso.

Tsono munthu wina wa malonda a nsalu, amene ankabwera ndi matola kuchokera mbali ya ku Kamwendo, atandiitanira kuseri kwa tiyirumu n'kumasula kasanza, sindinafunse mafunso ambiri. Munali volovolo, kamfuti ka m'thumba kaja ka gudumu la mabowo 6, ndi zipolopolo 5. Mtengo wake unali wofanana ndi wa njinga yatsopano. Ndinkasunga ndalama zoti ndigule njinga yachiwiri yonyamulira fodya, ndinangotembenuza zomwezo. Ndinatuluka kuseriko ndikumva ngati ndatalika.

Vuto linali limodzi: sindinkadziwa kuomba. Ndiye Lamulungu lotsatira ndinapalasa njinga yanga yakale kupita kwa agogo, atsibweni awo a mayi anga, kumudzi kwawo kufupi ndi mtsinje wa Bua.

Agogowa anali a Keyala. Achinyamata a lero mawuwa sawadziwa: ndi King's African Rifles, KAR, asilikali akuda a nthawi ya atsamunda, ife n'kumati Keyala. Analembedwa usilikali ali mnyamata, perete anaphunzira ku Zomba, sitima ya pamadzi anakwerera ku Mombasa mpaka ku Ceylon kumene lero mukuti Sri Lanka, ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, kulimbana ndi Ajapani mvula ili pakati. Za nkhondo yeniyeniyo sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangotchula matope ofika m'mawondo, misundu, malungo, ndi mpunga umene unawakola mpaka anafa osaufunanso. Koma ungotchula mfuti yawo, nkhope inkawala ngati watchula chibwenzi cha kale.

Ankaitcha firii-noti-firii. Dzina lake lenileni ndi Lee-Enfield .303, mfuti yaitali yovekedwa thabwa, yolemera pafupifupi makilogalamu 4. Inkadya zipolopolo 10, umazilowetsa zisanuzisanu, ndipo ukaomba umakoka kachitsulo ka pambali kuti chikhungwa chituluke, china chilowe. Tili ana ankatenga ndodo yawo n'kutionetsa, dzanja likuthamanga kuti sungalione, kenako n'kugwira phewa kuti apa ndi pamene inkawamenya. Anyamata a mganda akamaguba pabwalo, agogo ankaseka mpaka kutsokomola, ati mwendo wa msilikali suponyedwa ngati wa munthu wowoloka dambo. Atadutsa zaka 70 ankasokoneza maina a ife zidzukulu, koma nambala ya mfuti yawo ankaitchula yonse, osaphonya.

Ndinkayembekeza kuti aniyamikira. Nditamasula kasanza kaja pakhonde, sanakhudze. Anayamba andiuza kuti nditembenuze kukamwa kwake kuloze kumunda, chifukwa pabwalo pankasewera ana. Kenako anaitenga, anaitsegula mosavutikira, anakhuthulira zipolopolo m'dzanja n'kuziwerenga mokweza. Zisanu. Anaitembenuzatembenuza pafupi ndi maso.

"Nambala yake ili kuti?"

"Ilibe, agogo."

"Inali nayo. Taona apa, wina anapala ndi tupa. Munthu sapala nambala ya chinthu chimene sichinalakwe. Iwe wagula mlandu wa mwini wake."

Ndinati mlandu kapena ayi, ine ndatopa kugonekedwa pansi. Anagwedeza mutu, sanandinyoze. Kenako anayamba kukamba za Keyala, koma mokambira mwina, osati mwa ndodo ndi nthabwala muja. Ati mfuti ija sinali yawo ngakhale tsiku limodzi, inali ya Mfumu George, iwo ankangoigwirizira. Kukampu inkagona mosungira zida, kokhoma, ndipo potenga ndi pobweza ankalemba m'buku. Kumalo ophunzirira kuomba ankakuwerengera zipolopolo m'manja, ukatha utole zikhungwa ubweze, ndipo unene pamaso pa bwana kuti m'thumba mwako simunatsale kanthu. Tsiku limene waomba, madzulo uthire madzi owira mumpope, ukoke kasanza ka mafuta ndi chingwe, sajeni asuzumire aone kuwala. Kutaya mfuti unali mlandu woti ngakhale amako sangakupepesere. Nkhondo itatha mu 1945 anaibweza monga anailandirira, kumudzi anabwera ndi jasi, majombo ndi mamendulo basi.

"Ndipo sindinkaomba pofuna ine," anatero. "Pamwamba panga panali kopolo, pamwamba pa kopolo sajeni, pamwamba pa sajeni bwana. Onsewo kuti chala changa chimodzi chisapenge. Nanga iwe sajeni wako ndani? Akuwerengera zipolopolo madzulo ndani?"

Ndinalibe yankho. Ananyamulanso volovolo ija ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Iyi ankamanga m'chiuno ndi mabwana achizungu, kachingwe kali m'khosi. Yanga inkafika kutsidya la dambo, munthu umangomuona ngati chitsa. Iyi siipita patali. Kuti umulase munthu ndi iyi uyenera kumuyandikira mpaka uone ngati wameta ndevu m'mawa. Ameneyo sumuiwala."

Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kumunda. Ndinadziwa kuti alipo amene sanamuiwale, ngakhale inali mfuti yofika patali ija, koma sindinafunse, ndipo sanandiuze mpaka imfa yawo. Atabwerera m'maganizo anangowonjeza za nzeru wamba: mbava zimabwera zitatu zili maso iwe uli m'tulo, AK imanyamula zipolopolo 30 pamene iwe uli ndi 5, ndipo zikamva kuti m'nyumba muja muli mfuti sizidzakugonekanso pansi, zidzayamba ndi kuomba pachitseko. Kundiphunzitsa anakana. Zipolopolo anandibwezera chimodzichimodzi, akuwerenganso.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamva pomwepo. Ayi ndithu. Ndinapalasa kubwerera ndikung'ung'udza kuti tsobola wakale sawawa, nkhalamba ikukamba za ku Burma pamene ife tikufa pa Santhe.

Ndinakhala nayo masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo tulo ndinalibe kuposa kale. Lero ndiibisa kudenga, mawa m'thumba la chimanga, mkuja pansi pa matiresi, chifukwa mwana wa zaka 6 palibe malo amene safikako. Lamulo la mfuti la dziko lino, la 1967, limafuna kuti ukhale ndi chilolezo chochokera kupolisi, ndiye ine amene ndinkaopa mbava zokha tsopano ndinkaopanso rodibuloko iliyonse ya panjira ya ku Lilongwe. Chodabwitsa n'chakuti masana ndinkakhala munthu wina. Ndinayamba kuyenda usiku m'njira zimene kale ndinkazilambalala. Ku botolositolo mawu anga anakwera. Mayi a kunyumba anandifunsa tsiku lina kuti kodi jekete imeneyi ndi ya ukwati kuti ngakhale dzuwa liswe mtengo simuvula.

Zinathera pa tsiku la msika. Panali mlimi wina amene ndinamukongoza matumba awiri a feteleza pa pangano lakuti fodya adzagulitsa kwa ine. Fodya anagulitsa kwa wina amene anamuonjezera pang'ono pa sikelo, feteleza wanga osabweza. Inu a geni mukuwadziwa anthu otere, aliyense ali naye wake. Ndinamupeza pa mzere wa tomato, tinayamba bwino, mawu anakula, anthu anayamba kuunjikana. Kenako iye anaseka n'kunena kuti, "Kanene kulikonse, ndilibe."

Kuseka kumeneko. Sindikudziwa kuti dzanja linalowa nthawi yanji m'jekete. Ndinangozindikira kuti lagwira chitsulo, chala chachikulu chili pa kamutu kokokera kaja, ndipo ndikuyang'ana batani lachiwiri la malaya ake. Ndevu anali asanamete, ndinaziona bwinobwino. Mayi wina wa tomato anati, "Achimwene, mwatani kodi? Mukunjenjemeratu, ndi malungo?" Ndinavomera kuti ndi malungo, ndinatembenuka n'kuchoka, anthu akundiseka kuti ndagonja.

Munthu uja anali mmodzi wa adzukulu amene anakumba manda a bambo anga. Matumba awiri a feteleza. Mbava zitatu zija sindinazionenso, koma amene anatsala pang'ono kulandira chipolopolo changa choyamba anali ameneyo.

Madzulo omwewo ndinapalasa kupita ku Bua. Agogo atandiona nkhope sanafunse kanthu, anangotambasula dzanja. Anatsegula, anawerenga. Zisanu. Anatumiza mwana kukatenga hamala ndi msomali kenako n'kumuthamangitsa, anagogoda mpaka gudumu linachoka. Thupi lake tinaponya m'chimbudzi cha kuseri, gudumu ndi zipolopolo tinakataya padziwe lakuya kutada, iwo akuponya chimodzichimodzi. Pobwerera anaima, anawongoka msana mmene ndinali ndisanawaonerepo, n'kundifunsa ngati m'thumba mwanga mwatsala kanthu. Ndinati ayi. Anati, "Wabweza zonse. Pita ukagone."

Patapita zaka ndinamva kuti ku Mozambique, kuyambira 1995, a mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane ankasinthanitsa mfuti ndi makasu, makina osokera ndi njinga. Ndinaseka ndekha. Anthu amene anaiona nkhondo ndi maso ankapereka mfuti kuti alandire njinga, ine wa kuno ku mtendere ndinapereka njinga kuti ndilandire mfuti, n'kuiponya m'chimbudzi. Ndalama imene ija inapita, ya katapila ndinabweza zaka ziwiri, feteleza sindinamuonenso.

Sindikunamizani kuti kuyambira pamenepo mbava zinandimvera chisoni. Zinadzathyolanso okala yanga patapita zaka zitatu, ndipo usiku umenewo ndinaiganizira volovolo ija, ndivomere. Zimene tinachita ndi anzanga a pamzere ndi zazing'ono: tinaleka kugona ndi ndalama zambiri m'nyumba, ku Lilongwe kokaoda tinkapita anayi kapena asanu, aliyense anagula wezulo, ndipo tinkasonkha ya alonda awiri. Zina zinathandiza, zina ayi. Wezulo wanga ndinauliza kawiri, kamodzi inali mbava, kamodzi inali ng'ombe ya eni ake.

Agogo anamwalira mvula itangoyamba, chaka chimene ndinamanga nyumba ya malata. M'masiku awo omaliza sankandizindikira, ankanditcha dzina la mchimwene wawo amene anafa ine ndisanabadwe. Koma ndinawamva usiku wina akutchula manambala pansipansi, mwandondomeko, n'kubwerezanso. Azakhali ankati akupemphera. Mamendulo tinawaika nawo m'bokosi.

Zonsezi ndamufotokozera mnyamata wa kabenchi uja dzana, titakhala pa mabelo a kaunjika. Wamvetsera mpaka kumapeto, foni ikulira m'thumba osayankha. Nditamaliza wakhala kaye chete, kenako wandifunsa kuti, "Madala, chimbudzi chimenecho chikadalipo?" Ndamuuza kuti chinagumuka ndi mvula kalekale, pamwamba pake anabzalapo nthochi.