Kuwerenga mauna m'matope a pansi pa nyanja

Matope a pansi pa nyanja yakuya amaunjikana pang'onopang'ono, m'malo ambiri masentimita ochepa chabe pa zaka 1,000. Pakanapanda chowasokoneza, bwenzi atayalana mwadongosolo, akale pansi, atsopano pamwamba. Koma nyongolotsi, tinkhanu ndi tizilombo tina timakumba mauna, kumeza matope pano ndi kukawatulutsa apo. Masentimita pafupifupi 10 a pamwamba amatakasidwa ngati phala. Kutakasa kumeneku ofufuza matope timakutcha bioturbation.

Ntchito imayambira pa sitima. Sitima yotchedwa JOIDES Resolution, imene inasiya ntchito mu 2024, inkazika paipi pansi pa nyanja n'kutulutsa matope otalika mamita 9.5. Matopewo amadulidwa zidutswa za mita imodzi ndi theka, kenako chilichonse chimang'ambidwa pakati m'litali. Theka limasungidwa, theka lina ndilo logwirira ntchito. Wowerenga matope amayamba wapala pamwamba ndi kagalasi, mopingasa. Akapala motsata litali, amapaka matope a nyengo ina pa inzake, mbiri yosungidwa m'matopemo n'kufufutika.

Pamalo popalidwapo m'pamene mauna amaonekera, chifukwa dothi lodzaza mu una limasiyana mtundu ndi loizungulira. Mauna otchedwa Planolites amaoneka ngati timadontho tozungulira. Chondrites amachita nthambi ngati mizu ya udzu. Zoophycos ndiye wokongola, komanso wosocheretsa: kanyama kake kankatsika mozungulirazungulira, n'kumakokera dothi la pamwamba m'matope akale kwambiri. Wotapa dothi mu una wotere kuti ayeze zaka zake amapeza zaka zabodza, ndipo vuto ndi lake, chifukwa sanayang'anitsitse asanatape. Phulusa la phiri lophulika, limene linagwa m'masiku ochepa, nalonso limapezeka litamwazikana masentimita angapo.

Wasayansi Adolf Seilacher wa ku Germany anaonetsa kuti mitundu ya mauna imasintha malinga ndi kuya kwa madzi. Una wotchedwa Paleodictyon, wooneka ngati chisa cha njuchi, amapezeka m'miyala yakale, komanso pansi pa Atlantic lero lino.

Nako kusowa kwa mauna kumanena zambiri. Kumene madzi alibe mpweya wa okosijeni, tizilombo tokumba mauna sitikhalako, ndipo matope amayalana timizere topyapyala, monga ku Black Sea. Ndi momwemonso m'malo akuya a Nyanja ya Malawi, imene asayansi anaiboola mu 2005. M'matope otere, wina akhoza kuwerenga zaka ndi maso, mzere ndi mzere.