Liwu limene sindikanatha kulizemba

Ku Thailand, munthu wotsata Levitiko 11 amavutika kwambiri ndi zinthu zosaoneka m'mbale. Nyama ya nkhumba umaiona n'kuikana. Koma ndiwo zamasamba zokazinga, zooneka zabwinobwino, kawirikawiri amazithira msuzi wakuda wopangidwa ndi nkhono za m'nyanja, zamoyo zopanda zipsepse ndi mamba. Msuziwo amautcha nam man hoi.

N'chifukwa chake nditafika ku Muak Lek, kumene kuli yunivesite ya mpingo wathu ya Asia-Pacific International University, mawu oyamba kuloweza anali akuti mai sai nam man hoi, kutanthauza kuti musathire msuzi wa nkhono. Hoi ndi nkhono, kaya ya m'madzi kaya yapamtunda, ndipo potchula umakweza mawu kumapeto ngati ukufunsa funso.

Patapita miyezi ingapo, mkulu wina wa mpingo, mbadwa ya komweko, anandiitanira pambali mapemphero a Sabata atatha. Anati kuli bwino ndimve kwa iwo kusiyana n'kukamva kwa anyamata a mumsewu: liwu lomwelo, m'kamwa mwa anthu otukwana, limatanthauza maliseche a munthu wamkazi.

Lilime langa linalemera kwa masiku angapo. Amene ankandiphikira kumsika anali mayi amsinkhu wa amayi anga ondibala, ndiye ine mwana wamwamuna ndizitchula zimenezo pamaso pawo tsiku ndi tsiku? Ndinaganiza zomangoloza ndi chala, koma chala sichinena kuti musathire. Kukhala chete kukanandidyetsa chimene ndinalonjeza Mulungu kuti sindidzadya. Mnzanga wina ankangoitanitsa je, chakudya chopanda nyama, mazira, anyezi ngakhale adyo. Njira yabwino ndithu, kungoti ine ndi adyo sitisiyana.

Chinandimasula ndi kutchera khutu pamsikapo. Amayi ogulitsa amatchula hoi tsiku lonse, agogo akugula, ana ali pomwepo, osamva wina akuseka. Kwathu kunonso alipo maina a ndiwo amene achinyamata anawapotoza, koma sindinaonepo mayi akubwerera chimanjamanja pa Lizulu chifukwa choopa kutchula ndiwo. Mkulu uja anangondilangiza kuti ndizinena chiganizo chonse, osati liwulo palokha, n'kumaliza ndi khrap, mawu aulemu a amuna.

Mayi aja anafika pondizolowera. Akangondiona ndikutulukira, ankakankhira botolo lija kumbali n'kutenga la msuzi wa soya.