Tchizulo chomwe tinayenera kugula



Ambiri munamva kale kuti Lachitatu lina teremu yathayi m'shedi yathu ya ukalipentala munachitika ngozi. Nkhaniyo pofika kumsika inali itakula, ena nkumati mwana wachoka diso. Palibe anachoka diso, Alhamdulillah. Mnyamata wa Fomu 3 anatupa dzanja masiku atatu, ndipo lata limodzi la shediyo linabooka. Koma cholakwa chinalipo, ndipo chinali chathu, ife amene tinatumidwa kukagula zida.

Mukudziwa kuti ntchito yathu pasukulu pano ndi Qur'an, Fiqh ndi Sira. M'shedimo tinalowamo chifukwa tinakulira pakhomo pa kalipentala, ndipo ana akamatiseka ndi utuchi kundevu timawakumbutsa kuti Mtumiki Zakariyya (AS) nayenso anali kalipentala. Koma kupala thabwa ndi kusema pa lathe si ntchito imodzi. Pa thabwa chimayenda ndi chida, mtengo uli phee. Pa lathe mtengo ndiwo umazungulira mwaliwiro, inu nkungogwira chitsulo.

Lathe yathu ndi yaing'ono, yoika patebulo. Anatitumizira ndi kholo lina lomwe lili ku Joni, ndipo inabwera pa galimoto ya matransipota pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za anthu a ku Edingeni ndi ku Embangweni. Mota yake ndi ya mawati 370, ndipo chipika choposa mamilimita 250 m'mimba mwake sichikwanapo. Komiti itatipatsa ndalama za zida, tinakwera ulendo wa ku Mzuzu. M'sitolo ina tinapeza bokosi la matchizulo 8, onyezimira, chilichonse pamalo pake. Tinawerenga matchizulo, tinawerenga ndalama, mtima unakhala pansi. Tinabwerako ndi chenji, ndipo pochibweza tinali onyada ndithu.

M'bokosimo munali tchizulo chimodzi chachikulu, chopindika ngati ngalande. Tinangoganiza kuti chokumbira mbale ndi chimenecho. Ayi. Dzina lake ndi spindle roughing gouge, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa mtengo wamakona anayi kukhala wobulungira, monga mwendo wa mpando, pamene mitsempha ya mtengoyo yagona motsatira lathe. Pa mbale mitsempha imapingasa, choncho chipika chikazungulira kamodzi, chitsulo chimakumana ndi nsonga za mitsemphayo kawiri, ndipo pamenepo mpolimba. Kuonjezera apo, tchizulo chimenechi chimalowa mumpini ndi msuka wopyapyala, ngati wa khasu. Kona yake itakodwa m'chipika cha mango, msukawo unathyoka, mpini unamenya dzanja, chitsulo nkuulukira kulata. Ife tinali chiimire pambali pa mwanayo, ndipo ndife tinamupatsa tchizulocho.

Amene anatitsegula maso ndi mdala wina wa ku Jenda yemwe anagwira ntchito ya lathe zaka zambiri ku Bulawayo. Tinawatengera zidutswa ziwirizo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, natifunsa m'Chitumbuka ngati mwanayo ali moyo. Kenako analowa m'nyumba nkutuluka ndi tchizulo chawo, chofupika ndi kunoledwa, nati, "Mwalimu, tagwirani ichi." Chinali cholemera. Ndiyo bowl gouge: ndodo yachitsulo yobulungira, ngalande yakuya yosemedwa m'kati mwake, ndipo ndodoyo imalowa mumpini ndi kunenepa kwake komweko, popanda msuka woti nkuthyoka. Mpini wake ndi wautali woti mutsamiritse m'chiuno, kuti thupi lonse liongolere, osati manja okha.

Titafika pa kukula kwake, tinalakwanso. Tinati popeza tinapsa ndi chofooka, tigule chachikulu, cha mamilimita 16. Mdalayo anaseka. Tchizulo chotero chimaluma mtengo wambiri kuposa umene mota yathu ingakoke. Lathe imafooka, lamba nkumaterereka, mwana nkuyamba kukankha mwamphamvu, ndipo ngozi imayambira pomwepo. Cha mamilimita 10 ndi chabwino pomaliza, koma chimanjenjemera mukachitambasula patali ndi chitsulo chotsamirapo, monga zimakhalira pofika pansi pa mbale. Kwa anthu amene angathe kugula chimodzi chokha, ngati ife, choyenera ndi cha mamilimita 13.

Apa pali msampha, ndipo amene muli ndi abale kunja oti nkuwatuma mumvetse bwino. Opanga zida a ku England, monga Robert Sorby ndi Henry Taylor a mumzinda wa Sheffield, amayeza ngalande ya tchizulo, pamene a ku America amayeza ndodo yonse. Chimene a ku Sheffield amalemba kuti 3/8 inchi, a ku America amachitcha 1/2 inchi, chikhalirecho ndi tchizulo chimodzimodzi. Mukangotuma munthu kuti akagule cha hafu inchi, akhoza kukubweretserani chachikulu chija. Ife tawalembera a ku Joni kuti asakhulupirire cholembedwa papaketi, ayeze ndodoyo okha, ikhale mamilimita 13 kapena pafupi.

Chitsulo chake chikhale cholembedwa HSS. Matchizulo akale, ndi ena otsika mtengo a masiku ano, akatenthedwa pa gilayinda mpaka kusintha mtundu, nsonga yake imafewa osagwiranso. HSS imapirira kutentha koteroko. Pamalo pomwe onola ndi ana ongophunzira kumene, imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa tchizulo cha lathe chimanoledwa kangapo mbale imodzi isanathe. Ngakhale paini wa ku Chikangawa, yemwe timamuona ngati wofewa, amang'ambika nkusiya mabala tchizulo chikabuntha. Mdalayo anatilangiza kunola nsonga pa madigiri 50 kapena pafupi, ndi kusasintha mpaka ana atazolowera.

Mkulu wina wa komiti anatifunsa kuti bwanji tisulitse kumsika konkuno, ndi tupa yakale kapena sipuling'i ya galimoto. Funsoli ndi lanzeru, pakuti mipeni ndi nkhwangwa zathu zimachokera komweko ndipo zimatha zaka. Koma tupa, ngakhale ndi yolimba, siipindika: ikapanikizika imathyoka ngati galasi. Sipuling'i siithyoka chotero, koma kuthwa kwa bowl gouge kumadalira ngalande yosalala ndi yofanana m'kati monse, ndipo nyundo siingatulutse ngalande yotero. Tikupepesa, bambo, pamenepa sitigwirizana nanu.

Mitengo tili nayo yokwanira: mango, malaina ndi jakaranda zogwa kapena zodulidwa m'makomo. Amene angatibweretsere chipika cha mlombwa kapena muwanga chochokera ku Perekezi abwerera nacho, chifukwa imeneyo ndi nkhalango yotetezedwa.

Tsono pempho lathu ndi ili. Tchizulo chimodzichi chikufuna ndalama zoposa zomwe tinagulira bokosi lonse lija, ndipo pakufunikanso chotchinga nkhope yonse, osati magalasi a maso okha. Ndalama zoyamba zija zinali amana m'manja mwathu, ndipo tinaziwerengera pa kuchuluka kwa zida, osafunsa odziwa. Nchifukwa chake theka tilipira tokha kuchokera m'malipiro athu, ndipo theka linalo tikupempha komiti ikakumana Lachisanu likudzali ikatha Jumu'a. Matchizulo otsala 7 aja sitinataye. Akugwira ntchito yomwe anapangidwira, ndipo ana atulutsa kale miyendo ya timipando ndi ndodo zotambasulira chapati. Koma mbale taletsa kufikira tchizulo choyenera chitafika.

Mbale ya mango ija ili pashelefu m'shedimo, yokumbidwa theka, ndi bala lake m'mphepete. Mwini wake watipempha kawiri kuti tisaitaye, akufuna adzaimalize yekha, Insha Allah. Mayi ake sanavomerebe kuti abwererenso pa lathe, ndipo tawalonjeza kuti tchizulocho chikafika tidzapita nacho kunyumba kwawo akachigwire ndi manja awo asanayankhe.