Nsomba yaikulu tinaibwezera m'madzi ku Sandy Hook

Ku gombe la kum'mawa kwa America kuli nsomba yomwe eni dziko amaitcha striped bass, chifukwa cha mizere yakuda yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Khalidwe lake ndi la mpasa wathu. Imakulira m'nyanja yamchere, koma nthawi yoswana ikakwana imakwera mitsinje. Monga mpasa umalowera mu Bua, iyo imalowa mu Hudson ndi m'mitsinje yothira mu Chesapeake Bay. Nyengo yotentha imapita kumpoto, ndipo kukayamba kuzizira imabwerera kummwera m'magulumagulu, ikuthamangitsa nsomba zamafuta zotchedwa menhaden. Asodzi a ku New Jersey amaidikira nthawi imeneyi ngati mlimi wodikira mvula yobzalira.

Ine ndinakaziona mu Novembala, pomwe ndinali kumeneko ku maphunziro a aphunzitsi a masabata ochepa. Mnzanga wina wa komweko anasonkhetsa anzake atatu n'kulipira boti limodzi ndi mwini wake, mkulu wa imvi yemwe ntchito yake ndi kuperekeza anthu kokawedza. Ndodo, mbedza ndi nyambo, zonse ndi zake. Tinanyamuka pa doko la Atlantic Highlands kusanache, kuzizira kwake koposa kwa ku Dedza mu Juni, n'kuzungulira nsonga ya Sandy Hook, komwe kuli nsanja younikira sitima yomangidwa mu 1764. Chakumpoto nyumba zazitali za New York zinkaoneka ngati mano a chipeso.

Mkuluyu anali ndi makina oonetsa nsomba pansi pa madzi, koma maso ake anali kumwamba. Ankafuna mbalame. Titaona mbalame zoyera zikudziponya m'madzi motsatizana, anachepetsa injini. Apo ndiye kuti menhaden zathawira pamwamba chifukwa pansi pali chilombo. Asodzi a usipa ku Senga Bay sangadabwe nazo nzeru zimenezi.

Posakhalitsa ndodo yanga inapindika. Ndinalimbana nayo mpaka mikono kuchita dzanzi, ndipo itafika m'boti inali yotalika kudutsa mita imodzi, yonenepa yoti banja lonse ndi anansi omwe n'kudyera nsima masiku awiri. Mkulu uja anaiyeza pa thabwa, nandiuza kuti ndiinyamule mochirikiza mimba, osaipisa zala m'makha. Anajambula chithunzi mwachangu, kenaka anaigwira kumchira m'madzi mpaka inapeza mphamvu n'kumira. Mtima wanga unapita nayo limodzi, ndisaname. Kwathu munthu wotaya ndiwo yotere angamufunse ngati mutu ukuyenda bwino.

Lamulo lake ndi ili: kuyambira 2023, wowedza m'nyanja yamchere amatenga nsomba imodzi patsiku, yotalika pakati pa mainchesi 28 ndi 31, kapena tinene masentimita 71 ndi 79. Yochepera apo ikakule kaye. Yopitirira apo kawirikawiri imakhala yaikazi, ndipo yaikazi ikakula imaikira mazira ochuluka kwambiri kuposa yaing'ono. Wogwiritsa nyambo yeniyeni ayenera kuwedza ndi mbedza yopindikira m'kati, yomwe imakola pakamwa osati m'matumbo, kuti nsomba yobwezedwa isakafere pansi. Ukadutsa mamailosi atatu kuchoka pagombe, nsombayi siigwidwa n'komwe. Ku New Jersey kugulitsa kwake n'koletsedwa.

Sikuti anthuwa anabadwa ndi chifundo pa nsomba ayi. Anaimaliza okha m'zaka za m'ma 1970, mpaka boma la Maryland linatseka usodzi wake mu 1985 kwa zaka zisanu. Mu 1995 analengeza kuti yabwereramo. Lero yayambanso kuchepa, n'chifukwa chake malamulo awakhwimitsanso. Mkulu wa boti ankadandaula kuti makasitomala ena amakwiya akalipira ndalama zambiri n'kubwerera chimanjamanja, koma anati anaziona zaka zomwe munalibe kanthu m'madzimo, ndipo safuna zibwerenso.

Pomumvera ndinkaganiza za chambo. Ifenso nyengo yotseka nyanja tili nayo, ndipo ku chilumba cha Mbenji ku Salima a Mfumu Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira kale. Koma kasawala, yemwe ndi mwana wa chambo, amapezekabe pamsika, wina atakokedwa ndi neti ya udzudzu. Ndikudziwa kuti kufananitsaku kuli ndi malire. Anzanga aja amawedza pocheza, firiji ili yodzaza kunyumba, pomwe msodzi wa ku Mangochi akabweza nsomba ana agona ndi njala. Komabe mwini boti uja naye amadyera momwemo, ndipo thabwa loyezera sanalisiye pansi.

Tsiku lonse tinagwira nsomba 9, ndipo zolowa muyeso zinali ziwiri zokha. Padoko mkuluyu anazisenda minofu n'kufuna kutaya mitu. Ndinaipempha. Madzulo ake ndinaiphika ndi tomato ndi anyezi, nsima ya ufa wachikasu wa m'sitolo, anzanga aja akuyang'ana poyamba, kenaka n'kupempha mbale.