Maola Odzisankhira Si Penshoni

Mng'ono wanga wokondedwa,

Nkhani ya ntchito yako yatsopano yatipeza, ndipo tonse kuno takondwa. Koma pa zimene unandiwerengera pafoni paja pali mawu amene sanandikhalire bwino. Akuti uzilowa ndi kuweruka nthawi imene wafuna, ndipo poti akupatsa mwayi umenewu, sikimu ya chipatala palibe, malipiro nawo ndi otsikirapo. Unandifunsa ngati maola odzisankhirawo ndi phindu la wantchito. Inde ndi phindu, koma si lolowa m'malo mwa zinazo.

Ubwino wake sindikuutsutsa. Wokhala ku Area 25 n'kumagwira ntchito ku City Centre amadziwa mmene minibasi imakwawira m'mawa. Kunyamuka msewu utapepuka, mwana utamuperekeza kusukulu, si chinthu chochepa. Tsiku la sikelo sukagwadira munthu kupempha chilolezo.

Koma taganiza, bwanayo watulutsa ndalama zingati kuti akupatse zimenezi? Ngakhale tambala. Penshoni ndi nkhani ina: lamulo limamukakamiza kusonkha 10 peresenti ya malipiro ako, iwe n'kuikapo 5. Tchuthi cha masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku 5 pa sabata, komanso masabata 8 a uchembere, zili m'lamulo la zantchito la 2000. Akakumana zimenezi, ofesi ya leba ilipo, Industrial Relations Court iliponso. Nanga maola olonjezedwa pakamwa? Adzabwera bwana wina, n'kunena kuti aliyense 7:30 akhale atafika, iwe n'kusowa pogwira. Ngakhale ku Britain, kumene kuyambira mu Epulo 2024 wantchito angapemphe maola otere pa tsiku loyamba lomwe, lamulo limangomulola kupempha. Bwana akhoza kukana malinga apereke chifukwa chovomerezeka.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi ovataimu. Lamulo la 2000 lija limati sabata yantchito isapitirire maola 48, ndipo ola lowonjezera limalipidwa ngati ola ndi theka, pa tsiku lopuma kawiri. Tsono ngati ulibe nthawi yoweruka, ovataimuyo iyambira pati? Ndaona anzanga akuyankha mameseji a abwana pa WhatsApp 10 koloko usiku, nsima itazizira, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, poti akuti nthawi ndi yawo. Amene amagwirira kunyumba ndiye osanena: bandulo agule okha, magetsi akathima mlandu ndi wawo.

Ntchitoyo ilandire, masiku ano ntchito n'zosowa. Koma usanasaine, uwapemphe alembe m'kontrakiti kuchuluka kwa maola ako pa sabata, nthawi imene uyenera kupezeka, ndi nthawi imene foni ungaizimitse. Za sikimu ya chipatala ufunse padera, mwaulemu koma mosazengereza, chifukwa mwana akadwala usiku chipatala chidzafuna ndalama.

Unditumizire kontrakitiyo ndiione isanathe sabata ino. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.