Nyambo ya nthenga mu mtsinje wa Chelinda

Ntchito yanga ndi yomanga nyambo za nthenga. Ndimatenga mbedza yaing'ono, ulusi ndi nthenga za tambala kapena za nkhanga, n'kumakulunga mpaka zifanane ndi kachilombo. Nsomba imene ndimaikonzera zimenezi ndi trout, yomwe Azungu anaibweretsa ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Nyika nthawi ya atsamunda. Imafuna madzi ozizira kwambiri, ndipo ku Chelinda, pamalo okwera mamita oposa 2,000, ozizirawo sasowa.

Kuwedza ndinaphunzirira pa madamu a ku Chelinda komweko. Pa damu madzi ali phee. Umaponya chingwe kutali, n'kudikira kuti nyambo imire, kenako umakoka ndi zala pang'onopang'ono kuti izioneka yamoyo. Amene amaiyendetsa ndiwe.

Tsiku loyamba mu mtsinje ndinabwerako chimanjamanja. Ndinaima njo pagombe, mthunzi wanga uli m'madzi, n'kumaponya kutali monga ndinazolowerera. Nyambo zinayi zinatsalira mu udzu. Mkulu wina wodziwa mtsinjewo anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Achimwene, nsomba zonse zakuonani kale. Tsikirani kumunsi, mubwere chokwera, mutawerama."

Sananame. Trout ya mu mtsinje imayang'ana kumene madzi akuchokera, chifukwa ndi kumene chakudya chimadzera. Ukaidzera kumchira siikuona msanga. Siyendayendanso ngati ya pa damu. Imasankha malo amodzi, kuseri kwa mwala, pansi pa gombe lokumbika, kapena pamene madzi othamanga akumana ndi odekha, n'kumangodikira.

Chimene chinandizunza kwambiri ndi chingwe. Mtsinje suthamanga mofanana: pakati pali liwiro, m'mbali muli ulesi. Chingwe chikagona pa madzi aliwiro chimapindika n'kuyamba kukoka nyambo, ndiye nyamboyo imalemba kamzere pamadzi. Palibe chiwala chogwera m'madzi chimene chimayenda chotero, ndipo nsomba imadziwa. Ndinaphunzira kutukula ndodo ndi kutembenuzira chingwe kumtunda nyambo itangotera, kuti iyandame mwa yokha. Zala zanga, zozolowera kukoka, zinatenga milungu kuti zimve. Mpaka lero ndikatopa zimayambanso.

Kamangidwe kanga kanasinthanso. Za pa damu ndimamanga zazitali, za nthenga zofewa zovina m'madzi. Za mu mtsinje ndimachepetsa, n'kuzunguliza nthenga youma ya pakhosi pa tambala kuti ziime pamwamba pa madzi osamira.

Trout yanga yoyamba ya mu mtsinje ndinaigwira pafupi kwambiri, mwina mamita 4 kuchokera pamene ndinagwada. Inali yaifupi kuposa chikhatho ndi theka, yamadontho akuda ndi mzere wofiirira m'nthiti. Ndinanyowetsa manja, ndinaichotsa mbedza, n'kuibwezera kuseri kwa mwala wake uja. Mawondo a buluku anali atanyowa mpaka m'ntchafu.