Kalata kwa mwana wanga: pagulu la anzako ukakhale Sam

Mwana wanga wokondedwa,

Ukafika ku koleji sipapita sabata ziwiri usanapeze gulu lako: odya nawo, owerenga nawo, obwerekana nawo ndalama mwezi ukafika pakati. Achinyamata mukamaonera filimu mumakonda kugawana mayina, uyu n'kumati ine ndine uje, iwe ndiwe uje. Amaoneka ngati masewera chabe, koma dzina limene munthu wadzisankhira limaulula chimene akufuna kukhala pakati pa anzake. N'chifukwa chake ndikulembera za apaulendo 9 a m'buku la J. R. R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1954, ndipo Peter Jackson anatulutsa mafilimu ake atatu kuyambira 2001 mpaka 2003. Pagululo pali Aragorn woyembekezera ufumu, Gandalf mwini nzeru, Legolas wa uta wosaphonya, ndi Frodo amene wasenza mphete yoopsa. Anzako adzalimbirana amenewa. Iwe ndikukupempha kuti usankhe Samwise Gamgee, mnyamata wosamalira dimba kwa Frodo.

Tayang'ana katundu wake. Lupanga anali nalo, koma chimene ankachisamala kwambiri ndi mapoto ophikira, kabokosi ka mchere ndi chingwe. Gulu litabalalika pamtsinje wa Anduin, Boromir, mmodzi wa apaulendowo, atayesa kulanda mphete, Frodo anakwera bwato kuti apite yekha ku Mordor kukawononga mpheteyo, ndipo Sam, wosadziwa n'komwe kusambira, anadziponya m'madzi kumutsatira. Ku Ithilien ndiye anaphikira mnzake akalulu. M'chipululu cha Mordor ankadzimana madzi ndi chakudya kuti Frodo apeze mphamvu, ndipo miyendo ya Frodo itakana paphiri la Mount Doom, Sam anamubereka kumsana. Koma umboni waukulu kwa ine ndi wa ku Cirith Ungol. Kangaude Shelob ataluma Frodo, Sam anayesa kuti mnzakeyo wafa ndipo anatenga mphete kuti atsirize ntchitoyo. Mpheteyo inamuonetsa masomphenya a iye mwini ali ngwazi yolamulira magulu ankhondo, koma sanakopeke nawo, ndipo atapeza Frodo ali moyo anamubwezera. Boromir, mwana wa wolamulira dziko la Gondor, anagonja kwa mphete imene sanaigwireko n'komwe. Wolima dimba anaivala n'kuibweza. Tolkien, amene anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, ananena kuti Sam anamutengera kwa asilikali wamba amene anakhala nawo, ndipo ankawaona kuti ankamuposa iye mwini.

Ndikudziwa udzati Sam ndi wantchito, amatchula Frodo kuti bwana, ndiye kodi ndikukutumiza kusukulu kuti ukakhale wonyamulira ena zikwama? Ayi. Kusiyana kwa bwana ndi wantchito kumene kuli m'bukuli ndi kwa ku England kwa nthawi ya Tolkien, ndipo sindikukuuza kuti ukutengere. Chimene ndikufuna ndi maso a Sam, oona kuti mnzako wagona ndi njala kapena wasiya kupita m'kalasi, ena onse ali kalikiliki ndi kudzionetsa. Ndiponso Sam sanathere pauntchito. Atabwerera kwawo ku Shire anakwatira Rosie Cotton, anabzalanso mitengo imene adani anadula, ndipo anthu anamusankha kukhala meya kasanu ndi kawiri.

Udzatinso munthu wotere anzake amamudyera masuku pamutu. Zimachitikadi, ndipo mtima wanga umada nkhawa ndi zimenezi. Koma Sam sankasenzera aliyense womuitana. Anadzipereka kwa munthu amene naye ankadzipereka pa ntchito yopulumutsa ena. Mnzako akadwala malungo usiku, umuperekeze kuchipatala ngakhale mawa kuli mayeso. Koma akati umulembere asayimenti, kapena umubisire mlandu wakuba foni, umukanire poyera, chifukwa wotereyo akungofuna msana wako.

Pali chimodzi chokha chimene suyenera kutengera kwa Sam. Sam ankakonda Frodo kwambiri moti analibe chifundo kwa Gollum, wowatsogolera njira uja amene mphete inamuwononga kwa zaka pafupifupi 500. Pamakwerero a ku Cirith Ungol, Gollum anawapeza awiriwo ali m'tulo, mtima wake unafewa, n'kukhudza bondo la Frodo mwachikondi. Sam anadzidzimuka n'kumukalipira kuti ndi kazitape, ndipo kulapa kumene kunayamba kuphukako kunafera pomwepo. Tolkien analemba m'kalata ina mu 1963 kuti kwa iye apa mwina ndi pomvetsa chisoni kuposa pena paliponse m'nkhaniyi. Gulu lililonse limakhala ndi wina wolekezera kunja, wovala mosaoneka bwino kapena wa mbiri yoipa, amene ena amagwirizana pomuseka. Kusamala naye n'koyenera ngati anakulakwiranipo, koma tsiku limene wabwera ndi mtima wabwino, usakhale iwe womubweza ndi mawu olasa. Umupatse malo pabenchi, umufunse ngati wadya.

Uyende bwino, ndipo utiimbire foni ukangofika.

Ndine,
Bambo ako